Mfunda wa ku Kashmir ndi Dzina la Paisley

Mwa zobvala zonse za ku India zimene zinakopa mitima ya Azungu, palibe cinachuka kopambana nsaru yofunda m'mapewa yoombedwa ku Kashmir. Ubweya wace ucokera kwa mbuzi za kumapiri ozizira a Ladakh ndi Tibet. Akazi anali kupota thonje lace, ndipo amuna anali kuomba ndi timitengo tating'ono tochedwa kani, kamtengo kali konse ndi mtundu wace, potsata malangizo olembedwa ochedwa talim, amene mkulu wa nchito anali kuwawerengera mokweza. Nsaru imodzi yokometsedwa bwino inali kutha caka, kapena kupitirira.

Ca m'ma 1800 Joséphine, mkazi wa Napoleon, anazikonda nsaruzi, ndipo akazi olemera a ku Ulaya anamtsanza. Popeza mtengo wace unali waukulu, amisiri a ku Norwich, Edinburgh ndi Paisley anayamba kuomba zofanizira. Pambuyo pace makina a Jacquard anafulumiza nchitoyo natsitsa mtengo. Cizindikilo cokhota kumutu ngati tsamba, cimene eni ace acichula buta, cinalandira dzina la mzinda wa ku Scotland, ndipo kufikira lero cichedwa Paisley.

Amisiri a ku Paisley sayenera kunyozedwa: anali aluso, ndipo anafikitsa cokoma kwa akazi osauka. Koma nsaru zao zambiri zinali za ubweya wa nkhosa wosakaniza ndi thonje kapena silika, zolemera ndi zokhakhala poyerekeza ndi za ku Kashmir. Ndipo colakwa cacikulu cili pa dzina, pakuti wotsanza ndiye anachuka, mwini luso naiwalika. Pamene mabvalidwe a ku Ulaya anasintha ca m'ma 1870, malonda anagwa. Ndipo njala ya 1877 mpaka 1879 inapha oomba ambiri ku Kashmir.

Mau ena a Cingelezi anasunga mbiri imene mau awa anaikwirira: calico acokera ku Calicut, cashmere ku Kashmir. Cotero mphunzitsi wa ana ang'ono, pophunzitsa dzina la cinthu, acita bwino kufunsa amene anacipanga ndi amene anacicha dzina, pakuti kawirikawiri sakhala munthu mmodzi. Mwana wozolowera funso limeneli sadzafulumira kuyesa kuti cokoma cili conse cinabadwira ku Ulaya.