Chiyankhulo Chodziweruza Chokha: Ndemanga pa Ntchito ya Tarski

M'chaka cha 1933 Alfred Tarski anasindikiza m'Chipolishi nkhani yake yofufuza tanthauzo la mawu akuti "zoona" m'ziyankhulo za masamu. Mfundo yake yaikulu ndi yosagwedezeka: chiyankhulo chimene chimatha kufotokoza kuphatikiza ndi kuchulukitsa manambala sichingatanthauzire, m'kati mwake momwe, kuti ziganizo zake zoona ndi ziti. Pafunika chiyankhulo china chapamwamba choweruza chapansicho.

Gwero la vutoli ndi chiganizo chonga ichi: "Chiganizo chino n'chabodza." Tikati n'choona, ndiye kuti n'chabodzadi monga chikunenera, tikati n'chabodza, ndiye kuti chanena zoona. Kurt Gödel anali ataonetsa kale mu 1931 kuti ziganizo za masamu zikhoza kudzitchula zokha kudzera m'manambala, ndipo mu 1936 Alan Turing anatsata njira yofananayo. Zimene anapeza timazifotokoza lero motere: palibe pulogalamu ya kompyuta yokhoza kuweruza pulogalamu ina iliyonse ngati idzaima kapena ayi.

Pamene sitigwirizana naye Tarski ndi pa chigamulo chake chokhudza ziyankhulo za anthu. Iye anaona kuti, popeza zimadzikamba zokha, n'zodzitsutsa. Kudzikambako n'koonadi, mlumikizi "kuti" m'Chicheŵa amatilola kuika mawu m'kati mwa mawu ena kopanda malire. Koma taganizirani mboni ziŵiri pabwalo la milandu. Yoyamba ikuti, "Zonse zimene wanena mnzangayu n'zabodza." Yachiŵiri ikuti, "Zimene wanenazo n'zoona." Ngati sizinanene china chilichonse, mfundo yamangika yosamasulika. Koma ngati yachiŵiriyo inanenanso kuti mbuzi inaloŵa m'munda, mbuziyo italoŵadi, yoyamba yangonama basi, ndipo yachiŵiri yalakwa poivomereza. Ziganizo ndi zomwezo, malamulo a chiyankhulo ndi omwewo. Chasintha ndi zochitika. (Tikumbukirenso kuti liwu lakuti "bodza" kaŵirikaŵiri limasenza cholinga chonyenga, chimene Tarski sanachiŵerengere konse.)

Saul Kripke anaiona mfundo yotereyi mu 1975, nati ziganizo zina zilibe pokhazikika, choncho si zoona ndiponso si zabodza. Yankho lakeli likuyandikira mayankhulidwe a anthu koposa makwerero a Tarski, ngakhale kuti mwini wakeyo anavomera kuti ponena kuti chiganizo chilibe pokhazikika, tafunanso chiyankhulo chapamwamba chija.