Sayirini Si Belu

Omasulira ena akakumana ndi liwu loti siren amangolemba kuti belu kapena lipenga. Chizoloŵezi chimenechi nchosocheretsa, chifukwa belu amaliza pomenya, ndipo lipenga amachita kuwomba ndi pakamwa. Sayirini yochenjeza anthu panja silira mwa njira ziŵirizi.

Mitundu yake imadziŵika ndi gwero la kulirako. Thunderbolt, imene kampani ya Federal ku America idayamba kupanga mu 1952, ili ndi chopopera chimene chimakankhira mpweya m'chitsulo chazibowo chozungulira mofulumira. Chitsulocho chimadula mpweyawo, phokoso nkutulukira m'nyanga yotembenuka. Ya Chrysler nayo inkadula mpweya, koma inkayendetsedwa ndi injini ya petulo ya V8. Zamagetsi za Whelen zilibe chodulira: ndi zokuzira mawu, ndipo zina zimatha kulengeza uthenga wapakamwa.

Zonsezi zikatchedwa belu, woŵerenga sangamvetse chifukwa chake ina imalankhula pamene inzake imangolira. Choopsa nchakuti pa nthaŵi ya ngozi, wodikira kulira kwa belu angathe kunyalanyaza sayirini. Nkoyenera tsono kubwereka liwulo, kulilemba kuti sayirini, nkuwonjezapo mawu osiyanitsa: sayirini yodula mpweya kapena sayirini yokuzira mawu.