Makala Pamwamba pa Poto

Pa Khirisimasi anthu amatamanda mpunga ndi nkhuku, koma ine mtima wanga umakhala pa chigumu chimene agogo amaphika popanda uvuni. Amasenda nthochi zakupsa kwambiri, zija za makoko akuda zimene wina akanazitaya, n'kuzikanya pamodzi ndi ufa wa mgaiwa, kamchere, shuga pang'ono ndi soda. Poto amayamba amupaka mafuta.

Luso lenileni lili pa moto. Pansi amasiya makala ochepa, ambiri amawayala pa chivundikiro. Moto ukachuluka pansi, chigumu chimapserera kunja m'kati muli mwamuwisi. Agogo sayang'ana wotchi. Fungo la nthochi likafika pabwalo amachotsa phulusa mosamala, n'kubaya pakati ndi kamtengo. Kakatuluka kouma, ndiye kuti chapsa.

Podikira, ana amadula nyuzipepala zakale ndi makope otha, kumata timphete ndi phala, n'kupachika maunyolo awo pakhomo. Ena amapindika, koma nyumba imasangalala.

Keke ya m'sitolo ikadzalanda malo, kudikira kokoma kumeneku kudzatha, ndipo manja odziwa kuyeza moto adzasowa wowatengera. Chaka chino khalani pafupi ndi agogo, muone mmene amayalira makala.