Mawu a "Mphamvu" ndi "Kukhuta" Pofotokoza za Nthunzi

Pomasulira maphunziro a sayansi m'Chichewa, pali mawu awiri amene amasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wawo. Mawuwa ndi "mphamvu" ndi "kukhuta". Vutoli limaonekera poyera pankhani ya madzi ndi nthunzi, pamene omasulira ena amalemba kuti "mphamvu ya nthunzi yokhuta". Chichewa chake n'chomveka, koma chimene mawuwo akuphunzitsa si chimene chimachitika.

Madzi akatsekeredwa m'botolo lochotsedwamo mpweya, mamolekyulu ena amachoka pamwamba pa madziwo nasanduka nthunzi, pamene ena amabwerera nakhalanso madzi. Imafika nthawi imene ochoka amalingana ndi obwerera, ndipo pamenepo kupanikiza kwa nthunzi m'botolomo kumaleka kukwera. Muyeso wa kupanikizako umadalira kutentha kokha, osati kukula kwa botolo kapena kuchuluka kwa madzi. Pa 20°C muyesowo ndi 2.3 kPa, pa 50°C ndi 12.3 kPa, ndipo pa 100°C ndi 101.3 kPa.

Apa m'pamene mawu a "kukhuta" amasokeretsa. Ubwino wake ndi wakuti ndi afupi ndiponso amatsata mawu Achingerezi akuti saturation. Komabe munthu wokhuta amasamba m'manja nasiya kudya, chonsecho madzi ndi nthunzi sizileka kusinthana mamolekyulu. Kuwonjezera apo, mawuwa amapatsa wophunzira chithunzi chakuti mpweya uli ngati mimba yomeza madzi, pamene kulinganaku kumachitika ngakhale popanda mpweya uliwonse. Kunena kuti "nthunzi yolingana ndi madzi ake" n'kotalikirapo, koma n'koona.

Kulephera kwa mawu a "mphamvu" kumaoneka powerengera. M'chaka cha 1834 Clapeyron adapeza lamulo limene Clausius adalikonzanso m'chaka cha 1850. Lamuloli limalumikiza kukwera kwa kupanikiza kwa nthunzi ndi mphamvu yofunika posandutsa madzi kukhala nthunzi, imene ndi 2,257 kJ pa kilogalamu imodzi pa 100°C. Chinthu china chimayezedwa mu kPa, china mu kJ. Zonse ziwiri zikatchedwa "mphamvu", wophunzira amawerenga kuti mphamvu imadalira mphamvu, ndipo sadziwa nambala yoti aike pamalo pati. N'chifukwa chake mawu a "kupanikiza" ayenera kupatsidwa ntchito yawoyawo.

Mawu akasiyanitsidwa motere, kuwerengera kumayenda bwino. Njira yachidule ya Antoine, ya m'chaka cha 1888, imati log P = A − B/(C + T). Kwa madzi apakati pa 1°C ndi 100°C, A ndi 8.07131, B ndi 1730.63, C ndi 233.426, ndipo P imatuluka mu mmHg. Poika T = 100, log P imakhala 2.881, kutanthauza 760 mmHg kapena 101.3 kPa, muyeso wa kupanikiza kwa mpweya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Madzi amawira pamene kupanikiza kwa nthunzi yake kwafanana ndi kwa mpweya wowazinga. Motero pansonga ya Sapitwa, paphiri la Mulanje, pamtunda wa mamita 3,002, pamene mpweya umapanikiza pafupifupi 70 kPa, madzi amawira pafupifupi pa 90°C, ndipo nyemba zimachedwa kupsa ngakhale moto usonkhezedwe chotani. Wophunzira amene adauzidwa kuti zonsezi ndi "mphamvu" angaganize kuti motowo ndiwo wachepa.

Pomaliza, pali mfundo ya kalembedwe yosafunika kuinyalanyaza. Chimene chimatuluka mumphika ndi "nthunzi", pamene "mthunzi" ndi wa pansi pa mtengo. Lemba limodzi lokha likasinthidwa, phunziro lonse limasokonekera. Olemba mabuku asukulu ndi akonzi awo ali ndi udindo woyeza mawu aliwonse poona chinthu chimene akutchula, osati poona mawu Achingerezi okha.