Za Nyumba Zoyembekezera za Akazi Osowa Pokhala

M'maiko ena amamanga nyumba zakuti mkazi wosowa pokhala agonemo ndi ana ace miyezi yowerengeka, kufikira atapeza nchito ndi khomo la iye yekha. Ife a kuno ku Salima, m'mbali mwa nyanja, akazi otere tiri nao, ndipo nkoyenera kuti tiyese masungidwe athu, tione ngati akwanira.

Mkazi ataya nyumba m'njira zitatu. Makolo athu Acewa anakwatira cikamwini. Mwamuna anadza kudzamanga kwa mkazi, ndipo ukwati ukatha, wonyamula mphasa ndiye mwamuna. Koma wotengedwa citengwa akhala pa nthaka ya eni ace. Mwamuna akamwalira, abale ena alanda malata, mbuzi ndi bwato, namuuza kuti abwerere kwao, kumene munda wace anaugawana kale. Wina athawa usiku cifukwa ca nkhonya za mwamuna. Wina ampitikitsa ndi madzi, pamene Linthipe asefukira, kapena nyanja ikwera nilowa m'midzi monga inacitira m'caka ca 2024.

Tsono pothawira pace ndi pati? Wothawa madzi amlandira pa msasa, m'sukulu kapena m'calici. Tinaziona zazikuru m'caka ca 2023, pamene namondwe wa Freddy anasamutsa anthu oposa 650,000 m'cigawo ca kumwera. Msasa upulumutsa moyo, ndipo sitiupeputsa iai. Koma colakwa cace ndi ici, kuti utsekedwa pamene sukulu ifuna zipinda zace, mkazi asanapeze pomanga. Amninkha ufa ndi cofunda, nabwerera kudambo komweko kumene madzi anamcotsa. Wothawa nkhonya apita ku polisi, ku cipinda cochedwa Victim Support Unit. Kumeneko amva mlandu wace, koma polisi si mudzi. Abale amsunga masiku, koma mlendo ndi mame. Nkhokwe ikayamba kutsika, nkhope za eni nyumba zisandulika. Pamenepo mkazi atsikira kudooko ku Senga Bay kukafuna usipa wogulitsa, wopanda ndalama m'dzanja, ndipo tonse tidziwa mtengo wa manyazi umene asodzi ena amfunsa. Ana nao aleka sukulu, nayamba kukoka makoka.

Cifukwa cace tinena kuti pogona pa kanthawi payesedwe ndi funso limodzi: kodi tsiku loturuka mkaziyo apita kuti? Ngati palibe yankho, tangocedwetsa tsoka lace.

Zothandiza kuyankha ziripo. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja lipatsa bwalo la milandu mphamvu yakuturutsa wozunzayo m'nyumba, kuti mkazi ndi ana akhalemo. Lamulo la 2011 la cuma ca masiye liika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo liyesa kulanda cuma cao mlandu. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayamba ku Mchinji m'caka ca 2006, zinafika ku Salima m'zaka zoyamba zomwe. A Habitat for Humanity, amene anayamba nchito m'Malawi m'caka ca 1986, anamangira mabanja osunga ana amasiye m'boma lino nyumba zolimba za malata. Nchito imeneyo tiiyamika, pakuti ipatsa khomo lokhalitsa. Koma nyumba zotere nzowerengeka, ndalamazo nzocepa zosagula malo, ndipo lamulo lokhala m'mabuku a ku boma silithandiza mai amene sanalimve.

Apa mpamene ife a m'midzi tiri ndi mangawa. Tazolowera kuyembekeza galimoto la alendo, kuiwala kuti nthaka agawa ndi nyakwawa wathu, ndi kuti tsiku lometa, pamene katundu wa womwalira agawidwa, okhala pabwalo ndife. Akuru a mpingo amene aimba pa maliro asabalalike msanga. Akhale kufikira tsikulo, nanene poyera kuti denga ndi la ana. Amai a Cigwirizano, amene adziwa khomo liri lonse, adziwenso malamulo awiri aja, kuti aperekeze mnzao ku bwalo. Ndipo mpingo ukabwereka mkazi kanyumba, ucite bwino kupangana naye nyengo, kunena kufikira masika. M'miyezi yomweyo akuru apite kwa amfumu kukapempha malo pamtunda, anyamata aumbe njerwa, ndipo malowo adziwike pamaso pa mboni kuti ndi a maiyo ndi ana ace, angadze mlamu kudzawafuna.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Mvula isanagwe caka cino, mpingo uli wonse uwerenge akazi a m'dera lace amene agona pa khonde la eni, nuyambe ndi mmodzi.