Moni ndi dzina m'Chidari: kusanthula mizere isanu ndi itatu

Phunziro loyamba la Chidari, chilankhulo chomwe pamodzi ndi Chipashto chili chaboma ku Afghanistan, kawirikawiri limatha ndi kandime koti wophunzira akaloweze n'kudzakanena pamaso pa anzake. Mawu amasiyana pang'ono malinga ndi mphunzitsi, koma kamangidwe kake sikasintha kwenikweni. Nayi ndime yamtunduwu, yomwe ndaiika m'zilembo zathu ndi dzina longoyerekeza:

Salam alaikum.
Nam-e man Chikondi ast.
Man az Malawi hastam.
Man mohassel hastam.
Man Dari yad megiram.
Kam kam Dari mefahmam.
Az didan-e shuma khush shudam.
Tashakur.

Ikunena kuti: Mtendere ukhale nanu. Dzina langa ndi Chikondi. Ine ndine wa ku Malawi. Ine ndine wophunzira wa kuyunivesite. Ine ndikuphunzira Chidari. Chidari ndimachimva pang'onopang'ono. Ndakondwa kukuonani. Zikomo.

Mphunzitsi wa ku Kabul akhoza kuchonga mzere uliwonse, chifukwa mulibe cholakwika. Komabe ndime itha kukhala yolondola n'kumamveka yachilendo m'khutu mwa eni chilankhulo, ndipo iyi ndi yotero.

Tiyambe ndi kuwerenga alowam'malo. Mawu oti man, ndiye kuti "ine", akupezeka kanayi m'mizere inayi yotsatizana. Mawu oti shuma, omwe ndi "inu", akupezeka kamodzi kokha, ndiponso mochedwa, nkhani ili pafupi kutha. Chonsecho man atatu mwa anayiwo ndi osafunikira. Mneni wa Chidari amanena yekha mwininkhani: ka -am ka kumapeto kwa hastam, megiram ndi mefahmam kakugwira kale ntchito yomwe ndi- amagwira mu "ndikuphunzira". Mwini chilankhulo amaika man poyera akafuna kutsindika kapena kudzisiyanitsa ndi wina. Munthu woti chiganizo chilichonse ayambe ndi "ine", ngakhale m'Chichewa timamuyang'ana kawiri. Mzere wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri ikuyenda bwino kuposa inzake, ndipo chifukwa chake n'chakuti man sakuonekamo.

Chachiwiri n'chosavuta kuchiona. Mneni akukhala kumapeto nthawi zonse: ast, hastam, megiram, mefahmam, shudam. Wophunzira wozolowera Chichewa amafuna kumutulutsa msanga, koma m'Chidari amayamba wanena za ndani, kuti, chiyani, kenako n'kutseka ndi mneni. Sabata zingapo lilime limazolowera. Chomwe sichivuta n'komwe ndi mlowam'malo wa munthu wachitatu, poti Chidari sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, monga "iye" wathu.

Mzere wachiwiri uli ndi kanthu kakang'ono koyenera kuima napo. Pakati pa nam ndi man pali -e, kolumikizira komwe aphunzitsi amakatcha ezafe. Ndi ikoko kamene kamamanga dzina ndi mwini wake kapena ndi mawu olifotokoza, ndipo kabweranso mu didan-e shuma. Vuto lake n'lakuti kamamveka pakamwa koma nthawi zambiri papepala sikalembedwa. Chidari chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndi zilembo 32 zochokera ku Chiarabu kuphatikizapo zinayi zoonjezera, ndipo malembo a liwu aafupi amasiyidwa. Wophunzira akatsegula kope aona nam, kenako zilembo ziwiri za m ndi n. Ka -e ndi a wa mu man ayenera kuwadziwa yekha. Choncho munthu woloweza ndimeyi m'zilembo za Chilatini zokha amadzapeza tsiku lina kuti chiganizo chomwe amachinena mosadodoma sangachizindikire chitalembedwa.

Palinso kusiyana kwa buku ndi pakamwa, komwe m'Chidari n'kwakukulu ndithu. Mizere ili pamwambayi ndi ya chilankhulo cholembedwa, cha m'nyuzipepala ndi cha owerenga nkhani pa wailesi. M'misewu ya Kabul ast amakhala as, man amakhala ma, hastam amakhala astum, ndipo mefahmam amataya h n'kukhala mefamum. Mzere wa dzina umafupika n'kukhala Namem Chikondi as. Wonena za m'buku amamvedwa bwinobwino, palibe angamuseke. Tsoka lili pa kumva: iye wanena hastam, mnzake akuyankha ndi astum, ndipo wophunzira akuganiza kuti wakumana ndi mawu atsopano. Ine ndikuona kuti mphunzitsi wobisa mawonekedwe apakamwawa mpaka mwezi wachitatu akumulakwira wophunzira wake.

Koma chilema chachikulu cha ndimeyi chili pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri, pomwe palibe kanthu. Salam alaikum ndi moni womwe ambiri a ife tidaumva kale kwa abale athu Achisilamu, ndipo yankho lake ndi walaikum salam. Ndime yathu sikudikira n'komwe yankholo; yalumpha n'kufika pa dzina, ngati mlendo amene walowa pabwalo n'kuyamba kudzitchula eni khomo asanamulonjere. Ku Afghanistan moni ndi wautali. Pambuyo pa salam pamabwera mafunso otsatizana: Chetor asten? Khub asten? Jor asten? Bakhair asten? Onsewa akufunsa za moyo ndi thanzi, ndipo nthawi zambiri anthu awiriwo amawanena pamodzi, wina osadikira mnzake, dzanja lamanja lili pachifuwa. Safuna kuti muyankhe lililonse palokha. Khub astum, tashakur n'kubweza funso kuti shuma chetor asten? n'zokwanira. Munthu amene wangofika kuchokera kuulendo kapena amene mwamupeza ali pantchito mumamuuza kuti manda nabashen, kumufunira kuti asatope, iye n'kuyankha kuti zenda bashen, kukufunirani moyo.

M'mafunso amenewa muli malire omwe ndime yolowezayi siingakuphunzitseni. Mwamuna safunsa mwamuna mnzake za mkazi wake mwachindunji, ngakhale kumutchula dzina. Amafunsa za pakhomo ponse kuti khana khairiyat as? Mwamuna ndi mkazi amene si pachibale nthawi zambiri sagwirana chanza, dzanja pachifuwa limakwanira. Ndipo ka -en ka kumapeto kwa asten n'ka ulemu, koyenda ndi shuma. Kwa mwana kapena mnzanu wapamtima mumati tu ndi chetor asti. Apa Mchewa ali ndi mwayi kuposa Mzungu wolankhula Chingerezi, chifukwa kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" adakula nako. Lamulo kwa woyamba n'limodzi: aliyense amene simukumudziwa ndi shuma.

Ndimeyi ikuganizanso kuti dzina ndi chinthu chimene munthu amangochipereka basi. Koma mukapereka lanu mulandira la mnzanu, ndipo muyenera kudziwa kuligwira. Dzina lamaliseche silimveka bwino. Amawonjezera jan posonyeza chikondi ndi ulemu, saheb kwa munthu wolemekezeka, ustad kwa mphunzitsi. Bambo wachikulire amene simukumudziwa ndi kaka, mayi wachikulire ndi khala, ngakhale palibe ubale wamagazi. Anthu ambiri a m'dzikomo alibenso dzina la banja lokhazikika monga tidazolowera pa ziphaso; chiphaso chawo, tazkira, chimalemba dzina la munthu, la bambo ake ndi la agogo ake aamuna. Musadabwe wina akakufunsani dzina la bambo anu.

Mawu awiri m'ndimeyi akuoneka ofatsa koma ali ndi ndale pansi pake. Loyamba ndi Dari lenilenilo. Dzinali lidakhazikitsidwa m'malamulo oyendetsera dziko a 1964, ndipo a 2004 adalisunga. Koma eni ake ambiri pocheza amati amalankhula Farsi, ndipo ena amaona kuti dzina la Dari lidaikidwa pofuna kuwalekanitsa ndi anzawo a ku Iran ndi Tajikistan, pomwe chilankhulo n'chimodzi ndipo amamvana. Wophunzira akati Dari yad megiram n'kuyankhidwa kuti "Farsi", asatsutse. Lachiwiri ndi mohassel. Pambuyo pake pamabwera funso loti mumaphunzira kuti, ndipo yankho limafuna mawu a yunivesite. Boma lakhala likugwiritsa ntchito pohantun, mawu a Chipashto, pomwe olankhula Chidari ena amaumirira daneshgah. Mkangano umenewu wafikapo m'nyumba ya malamulo ndi pa zikwangwani za masukulu. Mlendo sangauthetse, koma adziwe kuti ulipo.

Tsono mzere wabwino kuposa yonse ndi wachisanu ndi chimodzi, Kam kam Dari mefahmam. Mizere inayo ikupereka zomwe zikadalembedwa pa fomu, pomwe uwu ukuuza womvera chochita: achepetse liwiro, asankhe mawu ofewa, akhululuke zolakwika. Kubwereza kwa kam kam n'kwa pakamwa, kwa anthu, ndipo n'kofanana ndi "pang'onopang'ono" wathu. Ndikadakhala wokonza ndimeyi, mzerewu ndikadaukweza kuti ubwere moni ukangotha, n'kuutsatiza ndi pempho loti lotfan ahesta gap bezanen, chonde lankhulani modekha. Gap zadan ndiwo mawu a ku Afghanistan a kulankhula. Ku Tehran mukamva kwambiri harf zadan, monganso mukamva mersi pamalo pa tashakur.

Mzere wa khush shudam ndi wabwino, ngakhale malo ake enieni ndi pambuyo pomva dzina la mnzanu, lomwe ndimeyi siinafunse n'komwe. Nam-e shuma chist? mulibe. Kutsanzikanso mulibe, pomwe khuda hafez kapena ba aman-e khuda ndi mawu oti mwana wa sabata imodzi m'kalasi angawakwanitse.

Ngati mukuyamba Chidari, ndimeyi ilowezeni, koma chotsanimo man awiri kapena atatu, phunzirani astum pamodzi ndi hastam, ndipo pakati pa salam ndi dzina lanu ikanipo mafunso osachepera awiri ofunsa moyo wa amene mwakumana naye.