Maina a M'mbali mwa Ngalande za Brits ndi Rustenburg

Woyenda m'mbali mwa ngalande yakale amawerenga dera monga awerengera buku, ndipo tsamba loyamba ndi maina. Ku Cape Town misewu ya Heerengracht ndi Buitengracht imasunga liwu la Chidatchi lotanthauza ngalande, monga unkachitiranso msewu wa Keizersgracht kufikira pamene dzina lake linasinthidwa mu 2019, ngakhale madziwo anakwiriridwa kalekale. Maina atatuwo akutchula mabwana, mfumu ndi malire a mzinda, koma za amene anagwira fosholo ali chete.

Vuto lomweli likupezeka m'dera la migodi ya pulatinamu. Damu la Hartbeespoort, lomwe linamalizidwa mu 1923 pa mtsinje wa Crocodile, limatumiza madzi m'ngalande zothirira minda ya ku Brits. Boma la nthawiyo linafuna kuti ntchito yomanga komanso minda yothiriridwayo zithandize azungu osauka. Maina a m'derali amafotokoza malo a nyama ndi bata: Hartbeespoort ndi mpata wa ngondo, Buffelspoort ndi mpata wa njati, Olifantsnek ndi khosi la njovu, pomwe Rustenburg, mzinda wokhazikitsidwa mu 1851, ndi mudzi wa mpumulo. Mlendo wotsatira maina okhawa angaganize kuti dzikoli linalibe eni.

Chitswana chimanena zina. Phokeng, likulu la Abafokeng, ndi malo a mame. Mfumu yawo Mokgatle inatumiza anyamata kukagwira ntchito ku migodi ya dayamondi ya Kimberley kuti ndalamazo zigulire malo amene makolo awo anali nawo kale. Pansi pa malowo ndi pamene panapezeka mzere wa miyala ya pulatinamu wotchedwa Merensky, dzina la Hans Merensky amene anauzindikira mu 1924.

Dzina lolemera koposa ndi Nkaneng, mudzi wa zisakasa pafupi ndi chulu cha ku Marikana pomwe apolisi anapha ogwira ntchito m'migodi ya Lonmin 34 pa 16 Ogasiti 2012. Tsinde lake ndi lofanana ndi la liwu lathu lakuti makani, ndipo anthu ake anakhala pamenepo mwa makani, ambiri opanda mpopi pakhomo, m'dera lomwe ngalande zimadutsa ndi madzi a mbewu. Zokambirana za masiku amenewo zinachitika kwambiri m'Chifanakalo, chinenero cha malamulo a pansi pa mgodi chomwe matchona a ku Malawi ankabwera nacho kuchokera ku Wenela.

Pamenepa ndi pomwe pali muyeso wa ulendo uliwonse wapansi wotsata ngalandezi. Ngati zikwangwani zake zitamanda luso la omanga damu ndi kukongola kwa minda basi, ndiye kuti wawerenga chinenero chimodzi n'kusiya zitatu. Uyenera kuika Phokeng ndi Nkaneng pambali pa Hartbeespoort, kufotokoza tanthauzo la dzina lililonse, ndi kunena amene anapatsidwa madzi ndi amene anamanidwa.